Bilimankhwe Akwera Mlambe

Padangokhala, padangotero, moto wolusa unapsereza Nkhwali pachisa n'kusiya anapiye amasiye. Bilimankhwe anagwidwa chisoni.

"Ine ndikwera mlambe uwu mpaka kunsonga," anatero. "Amene zamukhudza athire mapira m'licheromu, anawa adye."

Khwangwala anafika ndi mapira ake, ataitaniratu mbalame zonse kuti zidzaone kukoma mtima kwake. "Achimwene, ndikuthandizani. Koma mukwere muli wakuda bii, dziko lidziwe kuti wachifundo ndani."

Kakowa nayenso anatula ake. "Iyayi, mukwere muli woyera mbee. Mapira anga asatchukitse Khwangwala."

Bilimankhwe anauyamba ulendo, akuponda ngati akupempha kaye chilolezo kwa khungwa. Akada, Kakowa ankakalipa. Akayera, Khwangwala ankalalata. Mabwana awiriwo anakhala pansi kuti akambirane nkhani yaikuluyi, ndipo poti msonkhano suyenda ndi njala, ankajompha mapira a m'lichero muja. Anapiye anauzidwa kuti akhale patali, asasokoneze anthu amene akuwaganizira.

Pomaliza Bilimankhwe anafika kunsonga, khungu litabiriwira ngati masamba.

"Ndafika!" anakuwa.

"Wobiriwira? Ameneyo si wanga," anatero Khwangwala.

"Inenso sindikumudziwa," anavomereza Kakowa, ndipo onse anauluka atakhuta.

Kamwanapiye kena kanasuzumira m'lichero n'kupezamo mankhusu okhaokha. Kanayang'ana kumwamba.

"Amalume, tsikani bwinobwino," kanatero. "Mukagwa, abweranso kudzatithandiza."

Nthano inathera pomwepo, pamodzi ndi mapira.