Zidutswa za Panado m'Chigafa

Nkhani iyi anandiuza ndi mayi Ezelina a ku Njombwa tikuchokera ku mapemphero a amayi. Ndailemba monga anaiyankhulira, changa sindinaikepo.

Panali mayi wina dzina lake Fainala, wa ku Phalombe, amene anabwera ndi mwamuna wake kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya kuno ku Kasungu. Anabereka mwana wamwamuna, namutcha Thandizo. Mwana atakwanitsa masabata asanu ndi limodzi, fodya anakhwima m'munda monse.

Lachitatu lina m'mawa, mwana anadzuka atatentha thupi. Fainala anapita kwa kapitawo, a Mphepo.

"Abwana, ndiloleni ndithamange naye kuchipatala."

"Kuchipatala n'kwa tsiku lathunthu. Tsamba lapsa, mvula ili pamutu. Aliyense akamati mwana watentha, fodyayu athyola ndani, anyani a ku paki? Mupita Loweruka."

Fainala anayang'ana mwamuna wake, koma mwamunayo anayang'ana pansi. "Tikayambana nawo tilowera kuti, amake Thandizo? Kwathu n'kutali."

Fainala anadutsira pa okala ya mayi Hasina n'kupempha panado. Mayi Hasina anasuzumira mwana kumsana.

"Womwa ndani?"

"Bambo ake. Msana."

"Achemwali, ngati ndi khandalo, musayese. Awa ndi a akuluakulu. Khanda likatentha, mankhwala ake ndi kuchipatala basi."

"Ndati ndi bambo ake."

Atafika kunyumba anabenthula piritsi ndi chikhadabo, nasungunula kachidutswa m'supuni ya mkaka wa m'mawere, n'kumwetsa mwana. Posakhalitsa thupi linazizira. Fainala anathokoza Mulungu.

Tsono pa esitetipo ntchito imayenda chonchi: amayi amphamvu amakathyola fodya kumunda, makanda amatsala m'chigafa, moyanikamo fodya, ndi amayi osoka masamba. Mwana akalira, amene ali pafupi amamubereka. Fainala anasiya Thandizo m'manja mwa a Rute, mayi wachikulire, ndi Mervis, mnzake woyandikana naye nyumba. Za piritsi sanauze munthu. Anaopa kuti zikafika kwa mayi Hasina.

Masiku awiri anapita choncho. Fainala ankamwetsa mwana kachidutswa m'mawa ndi madzulo, ndipo pobwera kudzayamwitsa masana ankapeza mwana ali m'tulo.

"Mwana wako ndi wofatsa," ankatero Mervis. "Sanatengere pakamwa pa amake."

Fainala ankaseka, koma ankabwerera kumunda mtima uli m'chigafa. Mzere ukatha, wina unali kudikira. Ankangoti Loweruka lifike.

Lachisanu mwana anakana bere. Anasanza, nalefuka, kulira komwe osalira. A Rute atamutsegula chikope anapeza diso lachita chikasu. Apa Fainala sanapemphenso chilolezo kwa munthu. Anakwera kabaza, a Rute pa ina, mpaka kuchipatala.

Namwino anafunsa, "Mwampatsa chiyani mwanayu?"

"Kachidutswa ka panado, m'mawa ndi madzulo. Kakang'ono zedi."

"Basi? Palibe china?"

A Rute anamasula mfundo ya chitenje chawo, momwe ankasungamo mapiritsi awo a msana.

"Mwanawe, inenso ndimampatsa. Ukangopita kumunda ankatentha, ine ndinkamva chisoni. Ndimati ndikupepuze, usamathyole fodya ukulira."

"Kangati, amayi?" anafunsa namwino.

"Kawiri pa tsiku." A Rute anaonjezera kuti, "Mervis nayenso anampatsa dzulo. Koma ake ndi ena, ofiira, pepala lake anandisungitsa ine."

Namwino analandira pepala la mapiritsi ofiirawo a Rute atalitulutsa, naliwerenga.

"Dzina n'losiyana, koma m'katimu muli mankhwala omwewo, ndi ena owonjezera osayenera khanda. Mwanayu wamwa kwa anthu atatu, aliyense akuyesa ali yekha. Chiwindi chake n'chaching'ono, sichingathe. Ndiponso matenda amene anamutenthetsa akadalipo. Mapiritsi amangowaphimba."

Madokotala anayesetsa ndithu. Anamuika madiripi, anamubaya, sanamusiye yekha. Koma Lamulungu masana Thandizo anatsikira kuli chete. Mulungu alandire kamzimu kake.

Anamuika pa manda a matenanti kumapeto kwa esiteti, kutali ndi makolo ake a ku Phalombe. A Mphepo anabwera pamaliro atavula chipewa. Patapita sabata, Fainala anayambanso ntchito, pakuti fodya anali asanathe ndipo kopita kunalibe. Chifukwa thupi linali lofooka, anamuika kosoka, pakati pa a Rute ndi Mervis. Atatuwo anasoka limodzi mpaka tsamba lomaliza. Palibe anaimba mnzake mlandu, ndipo palibe anaimbanso nyimbo m'chigafamo.

Pamenepa mayi Ezelina anaima panjira, nandigwira mkono. Mawu awo omaliza ndi awa:

Phunziro: "Khanda likatentha thupi, musabenthule piritsi, musadikire Loweruka. Pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo, alole asalole. Mwana wa mnzanu musamumwetse kanthu amake osadziwa, ndipo inu amake musabise chimene mwampatsa. Pa atatu aja panalibe mfiti, mwana wanga, onse ankamukonda. Kauze amayi anzako, nawonso akauze ena, isanafike nyengo yothyola."