Makina Osadziwa Apongozi

Chibwerere lamulo loti nyumba iliyonse izikhala ndi makina odzutsa mtima, Lufeyo anawapachika pakhonde n'kumayanikapo masokosi. Makinawo ankayankhula bwino, koma mwambo sankaudziwa.

Tsiku lina mkazi wake Edina ali kuchigayo, apongozi ake, a Nachisale, anagwa chagada pabwalo. Zaka zonse za pachikamwini, Lufeyo akawaona panjira ankapatukira kutchire. Lero analipo yekha, ndiye anathamangira makina aja n'kuwayatsa.

"Vulani wodwalayo pachifuwa," anatero makinawo.

"Iwe, awa ndi apongozi!"

"Mtima waima. Fulumirani."

Lufeyo anapepesa kwa makolo onse, n'kumata timapepala ta makinawo ali chitsinzinire. "Chokanipo!" anatero makinawo. Magetsi anagunda, thupi linadzidzimuka. Kenako makinawo anamulamula kukanikiza pachifuwa mwamphamvu, ndipo anakanikiza nkhope italoza kunkhokwe, thukuta lili kamukamu.

A Nachisale anatsokomola n'kutsegula maso. Anakoka chitenje msangamsanga, nadzifunditsa. Mkamwini sakanamuyankhula maso ndi maso, choncho mayiwo anatembenukira kwa makinawo.

"Iwe, tawafunsa amuna a Edinawa. Mphamvu andithyola nazo nthitizi, nthawi yolima amazisiya kuti?"