Nkhosa ya Idi ya a Chedli

Panali munthu wina kumidzi ya ku Sidi Bouzid, mayi wamasiye dzina lake Mabrouka, amene ankalima azitona. Boma litalengeza kuti lizithandiza ndi ndalama alimi osathira feteleza kapena mankhwala opopera, iye analembetsa. Anavutika zaka zingapo akusenza manyowa ndi kutchera ntchentche zoboola zipatso m'mabotolo. Chaka chimenecho ndi pamene ankayembekezera thandizo loyamba, loti akumbire chitsime mitengo isanaume.

Mlamu wake Chedli, wa munda woyandikana nawo, nayenso analembetsa. Koma bambo ameneyu anali wadyera. Thandizo ankalifuna, thukuta ayi. Anagula mankhwala kwa wamalonda wina wapagalimoto n'kumapopera anthu akapita kumsika.

"Alamu, fungo ili mphuno zanga zikulidziwa," anatero Mabrouka. "Siyani, mutipweteketsa tonse."

"Mphuno zanuzo zakalamba, alamu. Pitani mukaphike chakudya chanu cha kusikusi."

Mphepo sidziwa malire. Mankhwala aja anagwera pa mitengo ya Mabrouka ya m'mphepete, ndipo masamba atayezedwa, anapezeka nawo. Kunabwera mayi woyendera minda wochokera ku boma kudzamuuza kuti achotsedwa pa thandizo. Alimi anasonkhana kudzamva nkhaniyo. Chedli anafika akukoka nkhosa yake yamphongo yonenepa, imene ankaisungira chikondwerero cha Idi. Ankayenda nayo paliponse kuti anthu aziisirira.

"Ine ndinkamuona akupopera," anatero Chedli mopanda manyazi. "Ndinangokhala chete poti ndi mkazi wa malemu mkulu wanga."

Mabrouka mtima unamupweteka koopsa, koma sanalire. Anayang'ana nkhosa ija.

"Chabwino. Munda wopopera ndi wanga, wanu ndi woyera. Ndibwerekeni nkhosayo."

Anaitsogolera pakati pa munda wake. Inadya udzu, inadya masamba, Chedli osadandaula. Kenako anaikokera m'munda wa Chedli, nathyola nthambi ya masamba obiriwira bwino n'kuiyandikiza kukamwa kwa nkhosayo.

"Alamu, yakhuta imeneyo," anatero Chedli, thukuta lili kamukamu.

"Nkhosa ya Idi imakhuta? Idya, bwanawe, kwanu nkuno."

Nkhosa itangotsegula kukamwa, Chedli anadumpha n'kuikumbatira pakhosi.

"Mundiphera nkhosa, mayi inu! Ndapopera dzana lomweli!"

Nkhalamba ina inayamba kuseka mpaka chipewa chinagwa, ndipo gulu lonse linafa nalo phwete. Mayi wa ku boma uja anathyola masamba m'minda yonse iwiri kukayezanso. Zotsatira zinagwirizana ndi pakamwa pa Chedli: munda wake wonse unali ndi mankhwala, pamene m'munda wa Mabrouka mankhwalawo anali m'malire mokha.

Chedli anachotsedwa pa thandizo, ndipo analamulidwa kudzala mpanda wa mitengo m'malire ndi manja ake. Mabrouka analandira ndalama zake, chitsime chinakumbidwa. Tsiku limene madzi anatuluka, amayi a m'mudzimo analuluta mpaka mawu kusasa, ndipo Mabrouka anatumiza chigubu choyamba kwa mlamu wake kuti akathirire mpanda uja.

Phunziro: Mapanga awiri avumbwitsa. Ukafuna thandizo la olima mwachilungamo, lima mwachilungamo, ndipo usamakankhire mnzako mlandu wako poona kuti alibe womuyankhulira. Tumizirani ena uthengawu, makamaka aja amapopera anzawo akapita kumsika.