Volovolo ya a Gerishomo

Bizweki anaitembenuza mfutiyo kachitatu, nasuzumira kukamwa kwake, kenaka nkuigwetsa pamphasa ngati mlamba wadzana.

"Madala, zitsulo zotere ndaona zambiri. Aliyense amati yake ili ndi mbiri."

Bizweki anali kalaliki wa mzungu wina wa ku Zomba, amene matenda ake anali kutolera mavolovolo akale, mfuti zam'manja zimene asilikali apakavalo ankamangirira m'chiuno. Ankazikoloweka pakhoma monga ena amachitira ndi zithunzi za ana awo. Chaka chimenecho cha 1957 kalalikiyo anali atazungulira Songani yense panjinga. Tsopano anali ku Kachulu, pakhonde la a Gerishomo, atatseka mphuno ndi mpango kuopa fungo la matemba. Chonsecho anakulira matemba omwewo.

A Gerishomo sanamuitane. Asodzi ndiwo anamulozera nyumba, ndipo iwo omwe anamutsatira kudzaonera. Nkhalambayo inatulutsa mfutiyo monyinyirika, pochita manyazi ndi khamulo.

Mkazi wawo, Elenala, anali chiimire pakhomo, mtima ukuwira. Mbiri ya mfuti imeneyi sinali nthano kwa iye. Ali kamtsikana, kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Apwitikizi, kunabwera supayi, msilikali wachikuda wa boma lakumeneko, kudzagwira amuna a ntchito yakalavulagaga. Bambo ake anakana. Elenala anabisala m'nkhokwe. Sanaone nkhope ya munthu. Anangomva kulira kwa mfuti kamodzi, basi.

Mudzi unathawa. Patapita masiku, ali m'mabango kudikira mabwato, anawapeza mnyamata wamtali, volovolo ili m'chiuno. Anawauza kuti iye anamulondola supayi uja, namulasa ndi mkondo, nkumulanda chida chake. Mnyamatayo ndiye a Gerishomo, ndipo Elenala atakula sanayang'anenso mwamuna wina. Angayang'ane ndani?

Ndiye lero kamunthu ka nsapato zobwereka kazinena kuti ndi chitsulo?

"Bwana wanga amati volovolo yotere Apwitikizi sankapatsa munthu wamba," anapitiriza Bizweki. "Ankapatsa kabo, mkulu wa masupayi, amene amukhulupirira. Ndiye inu mukuti munthu wotero munamupha ndi mkondo wolasira milamba? Nenani zoona, madala. Munaitola m'matope."

Asodzi awiri anaseka. Kuseka kwake kunali kochepa, koma Elenala anakumva ngati mbama. Anthu omwewa ankavula zipewa a Gerishomo akamadutsa. Kutchalitchi ankawasiyira benchi yakutsogolo. Mnyamatayu akachoka atawasandutsa abodza, pofika Lamulungu benchiyo ikhala ya wina.

Elenala anawerama, nanong'oneza m'khutu mwa mwamuna wake.

"Namakhwa, mukungomuyang'ana mwanayu akukuvulani pagulu?"

Dzina limenelo a Gerishomo analisiya m'madzi a ubatizo atangofika kuno. Pa Kachulu ponse panalibe wolidziwa, ngakhale ana awo. Elenala analimva kamodzi kokha, mwamunayo akubwebweta ndi malungo chaka chimene anakwatirana, ndipo ankalisungira nthawi imene mtima wapsa.

A Gerishomo anatola mfutiyo.

"Siyogulitsa. Tenga njinga yako uzipita."

"Ndani wati akugula?" Bizweki anadzuka, akusasa fumbi pa buluku. "Yeniyeni imabwera ndi chikwama chake chachikopa, ndipo mkati amadindamo dzina la mwiniwake. Popanda chimenecho, madala, mbiri yanu ndi yapabwalo la mowa."

Chikwama! Elenala ankachidziwa ngati chikhatho chake. Chinkakhala pansi pa bokosi la zovala. Chaka ndi chaka ankachipaka mafuta a nsatsi kuti chisang'ambike, ndipo akafika pa zilembo zamkatizo ankazilavulira kaye, kenaka nkupukuta. Sukulu sanaipondeko. Kangapo anapempha kuti aphunzitsi a pamishoni adzawawerengere, adziwe galu amene anamusandutsa wamasiye. Mwamuna wake ankakana. Ankati dzina la wakupha silitchulidwa m'nyumba ya Akhristu.

Anatembenukira kuchitseko.

"Elenala, khala pansi."

Mawu otere anali asanawamvepo kwa mwamuna wake m'zaka makumi anayi. Koma kudzichepetsa kukanyanya kumakhala kupusa, ndipo iye sanali wokonzeka kupusa pamaso pa kalaliki. Analowa. Anatuluka nacho, nachiponya pachifuwa cha Bizweki.

"Werenga. Si iwe wophunzira? Werenga mokweza, amve onsewa."

Bizweki anatsegula chikwamacho, nachipendekera kudzuwa. Mwano uja unayamba kuchoka pankhope pake. Anachotsa mpango pamphuno. Anayerekeza nambala ya pachikopa ndi ya pamfuti, ndipo anavula chipewa.

"Pepani, agogo. Ndalakwa. Ndi yeniyeni."

Khamu linang'ung'udza mokondwa. Amene anaseka aja anayang'ana pansi. Elenala anaimika khosi, misozi yachisangalalo ili m'maso. A Gerishomo okha ndiwo anali kuyang'ana kunyanja.

"Ndipo supayi wanu uja dzina lake ndi ili," anatero Bizweki, akulondola zilembozo ndi chala. "Kabo Na-ma-khwa. Alipo anamumvapo?"

Asodzi onse anapukusa mitu. Pakhondepo panali munthu mmodzi yekha womudziwa, ndipo anali atamuberekera ana asanu ndi awiri.