Kaphiko Kamene Kanasowa M'pampu

Panali munthu wina wouma mutu amene anzake a padoko anamupatsa dzina loti Ndikudziwa. Ukati umuuze kanthu, usanamalize n'komwe, iye wayankha kale: "Ndikudziwa." Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona ndi maso awo.

Bambo ake pomwalira anasiya bwato la matanga, lokhala ndi kainjini kothandiza mphepo ikaleka. Anati likhale la ana awiri: iyeyo ndi mchemwali wake wamkulu, amene ankasoka matanga ndi kusamala injiniyo kuyambira ali mtsikana. Bwatolo linkawolotsa katundu kupita tsidya, ndipo mabanja onse awiri ankadyera pomwepo.

Tsiku lina bwato lili pamtunda akulipaka penti, Ndikudziwa analiza injini kuti anzake amve mmene imalirira. Mchemwali wake anataya singano n'kuthamanga.

"Zimitsa iwe! Pamtunda pano pampu ikoka madzi ati? Ukuwotcha impela!"

"Ndikudziwa, achemwali. Ndikungoitenthetsa."

Impela ndi kagudumu ka labala kokhala ndi mapiko. Kamazungulira m'pampu n'kumakankha madzi oziziritsa injini, ndipo madzi omwewo ndiwo mafuta ake. Kakazungulira kouma, kamapsa.

Bwato litabwerera m'madzi, mchemwali uja anamasula chivundikiro cha pampu. Impela inatuluka yong'aluka ngati chidendene cha mlimi, phiko limodzi palibe. Anatenga yatsopano imene ankasunga m'chitini kutali ndi dzuwa, koma sanaiike.

"Phiko lothothokali lalowa m'mapaipi. Tilifune kaye."

"Malata a eni ake akudikira, inu mukufunafuna kachidutswa konga chikhadabo?"

"Kachikhadabo komweko kangakutsamwitse iwe, ndi thupi lonselo."

Anzake anafa nako kuseka. Ndikudziwa anapsa mtima, natsomphola impelayo kuti aike yekha. Mchemwali wake anamuponyera botolo la sopo wotsukira mbale.

"Paka ameneyo kuti iterere. Girizi wa galimoto usayerekeze, amafufumitsa labala."

"Ndikudziwa! Tsopano tsikani. Bwato si khitchini."

"Nditsike ine? Bambo anati la anthu awiri. Loza theka lako, ine ndikhala pa theka langa. Likamira ndimira nalo, koma kutsika ayi."

Anakwera pamwamba pa malata n'kupinda manja.

Anachoka padoko ndi matanga, mphepo ikuwakankha bwino. Dzuwa lili paliwombo anafika pamalo opapatiza, miyala uku ndi uku, ndipo mphepo inangoti zii. Matanga analendewera ngati zovala pachingwe. Madzi othamanga anayamba kukokera bwato kumiyala. Ndikudziwa analiza injini.

Mchemwali wake anasuzumira kumbuyo, pa paipi yotulutsa utsi. Injini yabwino imalavula madzi pamenepo, thu! thu! thu! Iyi inkangodontheza.

"Sikulavula! Zimitsa, ponya nangula, ndimasule paipi!"

"Ndikudziwa. Tingodutsa apa basi."

Anawonjezera moto. Kunamveka fungo la labala wopsa, kenaka utsi woyera kuti tolotolo, kenaka injini kuti gu! Nangula anamuponya mochedwa. Bwato linagunda mwala, thabwa la m'mbali linathyoka, malata ena n'kutsetserekera m'madzi. Asodzi ndiwo anawakoka, mayiyo akukapa madzi ndi ndowa njira yonse, mchimwene wake atagwira tsaya.

Padoko, makaniko anangotsegula injini n'kupukusa mutu.

"Yapsa mpaka m'kati. Iyi ndi maliro basi."

Anthu anaunjikana. Mmodzi mwa anzake aja anati, "Si tinkanena? Mkazi m'bwato ndi tsoka."

Mayiyo anatenga sipanala, nagwada pa injini yakufayo, zovala zili chonyowa. Anamasula paipi yochokera ku pampu, naigogoda pachikhatho. Kanthu kakuda kanagwa. Anakakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Tsoka lanu ndi ili. Taliyang'anani bwino, achimwene. Lavala diresi?"

Palibe amene anaseka. Anakaboola ndi singano yosokera matanga, nakamangirira pachingwe, n'kuvala m'khosi. Kenaka anatembenukira kwa mchimwene wake.

"Injini ya bambo waipha. Bwato sindilisiya. Thabwa tikhoma mawa, ndipo tiziyenda ndi matanga okha, kaya ana agone ndi njala masiku opanda mphepo. Injini ina ikadzabwera, kiyi wake adzakhala pachingwe chino. Wamva?"

Ndikudziwa anatsegula pakamwa. Anthu onse anadikira mawu ake aja.

"Ndamva, achemwali."

Phunziro: Injini ya bwato musamailize pouma, ngakhale pang'ono. Ikalira, yang'anani kumbuyo ngati ikulavula madzi, ndipo ikapanda kulavula zimitsani pomwepo. Impela muziitsegula n'kuiona isanakuchititseni manyazi, bwato likakhala nthawi yaitali osayenda muichotse kuti mapiko asapindike, ndipo phiko likasowa musanyamuke musanalipeze. Nanunso amayi, akakuuzani kuti tsikani pa chinthu chimene munachivutikira, khalani pomwepo. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu lero lomwe, makamaka kwa uja wa kwanuko amene amadziwa zonse. Akayankha kuti "ndikudziwa," mutumizireninso.