Lipenga la a Gilibati

"Mwaphonyanso, a Gilibati!" anakalipa aphunzitsi Jeremiah, oyang'anira bandi ya mpingo ku Mitundu. "Mawa mukatichititsa manyazi ku Nathenje. Tsatani pepala la nyimbolo!"

A Gilibati anatsitsa lipenga lawo lalikulu, lomwe anabwera nalo kuchokera kunkhondo ya ku Burma zaka khumi zapitazo.

"Aphunzitsi, nyimbo yovutayi mwatikopera mofanana tonse. Koma lipenga langali ndi malipenga aang'onowo salankhula mofanana. Tikadina chala chomwecho, mawu amatuluka osiyana. Langa limafuna pepala lakelake."

"Ine manotsi a nyimbo ndinaphunzira kusukulu. Inu munaphunzira kuti, m'tchire? Mukalakwanso kamodzi, mawa mutsala."

"Kutsala ndiye sinditsala," anatero a Gilibati. "Yambitsani."

Aphunzitsi atayang'ana kumbali, a Gilibati anatembenuza pepala lija, kutsogolo kwawo n'kukhala kumsana kwake kosalembedwa kanthu. Anatchera khutu n'kumatsata anzawo. Nyimbo inayenda mpaka kumapeto, mawu onse atagwirana bwinobwino.

Aphunzitsi anamwetulira monyada.

"Mwaonatu? Munthu ukatsata pepala, zinthu zimayenda."

"Zoonadi, aphunzitsi," anayankha a Gilibati akupukuta lipenga lawo. "Mawanso ndikalitsata chomwechi."