Wailesi ya a Makaiko

"Mumaizimitsa dala, a Makaiko!" anakalipa Crispin, mkulu wa alonda pamgodi wina ku Tsvingwe. "Makorokoza, okumba mozemba aja, akalowa kudzaba golide, mawu anu amadukira panjira."

Mlonda wachikulireyo anangopereka wailesi yake yolankhulirana kwa Audrey, wokonza mawailesi. Audrey anadina batani n'kulankhula, koma mawu anaduka. Anayesa batire ndi mlongoti, zonse zinali bwino.

"Wina anaisunthira pa tchanelo chopitirira malire amene inapangidwira," anatero Audrey. "Kumva imamva, koma potumiza mawu imalephera. Anaisuntha ndani?"

Anali Crispin yemweyo. Anaisuntha yekha mwezi wathawo, pokayikira kuti a Makaiko anaulula tchanelo chakale kwa makorokoza.

"Bwana," anatero a Makaiko mofatsa, "mayiwa afunsa funso."